Mphindi Zitatu

Ntchito yanga ndi kulemba zimene ena alankhula,
osawonjezera, osachotsera.
Munthu akatsokomola, ndimalemba kuti watsokomola.

Usiku uno tili m'holo ya sukulu ku Hibbing:
mipando yachitsulo, fungo la majekete onyowa,
chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato
n'kusiya timadambo pansi.
Kutsogolo kwakhala atatu a bungwe loona za mitengo,
aliyense ndi botolo la madzi ndi nkhope yotopa ndi msewu.

Loya wa kampani ya gasi ndiye anayamba.
Anadya ola lathunthu, palibe anamuonetsa wotchi.
Mapaipi ndi akale, anatero, ena anakwiriridwa
makolo athu asanadziwane.
Gasi wakwera kumene ifenso timagula.
Tikupempha khumi ndi zinayi pa zana basi.
Mawu akuti basi ndinawalemba monga anawatchulira.

Ena onse, mphindi zitatu.

Mayi Aili Rautio anabwera ndi chitini cha mabisiketi,
m'kati mwake mabilu a zaka zisanu ndi zinayi, omangidwa ndi mphira.
Anawerenga wa Januwale aliyense, pang'onopang'ono,
ngati akutchula mayina a omwalira.
Amuna awo anakumba chitsulo mumgodi zaka makumi atatu,
koma penshoni imene anasiya siidziwa kukwera.
"Zipinda zam'mwamba ndinatseka," anatero,
"ndimagona kukhitchini, pafupi ndi uvuni.
Nyumba yanga ikuchepa chaka ndi chaka,
posachedwa idzatsala bedi."
Belu linalira asanafike pa Januwale wa chaka chino.

Kenako kunaimirira Dell Pavlisich, chipewa m'manja.
Iyeyu ndi wa kampani yomweyo, amayenda ndi sipanala,
ndiye amatseka gasi pakhomo la wolephera kulipira.
Loya anatembenuka, cholembera chili m'mwamba.
"Za mapaipi sakunama," anatero Dell,
"ndawagwira ndi manja awa, dzimbiri lokhalokha,
tsiku lina adzaphulika pansi pa msewu wa ana asukulu.
Koma wogogoda ndine.
M'mwezi wa Meyi ndinatseka pa nyumba ina
kamwana kali pawindo, kakundibayibitsa.
Apatseni za mapaipi, ngati n'zamapaipidi.
Ine musandipatse makomo ena."

Chala changa chinaphonya. Ndinabwerera n'kukonza.

Mtsikana wina, khanda lili pachifuwa,
sanabwere kudzatsutsa.
Anangofunsa za fomu ya thandizo ija:
masamba asanu ndi awiri,
ofesi yake imatseka folo koloko,
iye amaweruka faifi.
Mayi Thorsgard, wapakati pa atatu aja, anavula magalasi,
anang'amba kona ya pepala, analemba nambala,
anadzuka okha kukamupatsa.
Zimenezi sizinalowe m'buku langa,
pakuti panalibe mawu.

Chigamulo chidzatuluka miyezi ikubwerayi.
Mwina adzati zisanu ndi zitatu, pakati ndi pakati,
mwina adzalamula kuti bilu ya dzinja
igawidwe m'miyezi yonse ngati buledi wochepa,
kuti fomu ifupike, kuti Dell apumeko.
Sindikudziwa. Ine ndimalemba mafunso,
mayankho amalembedwa m'chipinda china.

Ndinafika kunyumba usiku wagawika.
Galimoto inali ikulira ngati mano a munthu wozizidwa.
Pa tebulo envelopu yanga ya kampani yomweyo,
tsiku lachitatu osatsegulidwa,
ndinaikapo kapu kuti isandiyang'ane.

Ndinagona ndi masokosi.
Pansi pa nyumba makina otenthetsera anati kwe,
lawi linagwira, mpweya wofunda unakwera m'makoma.
Ndinapeza ndikuwerenga masekondi, mwachizolowezi,
kudikira belu.
Iwo anangopitiriza kulankhula,
ndipo panalibe wowauza kuti nthawi yatha.